Kombi itafera pa Munyati: ulendo wanga wa ku migodi ya golide ya ku Kwekwe

Za msewu wochoka ku Blantyre kudzera pa Mwanza, Tete mpaka pa Nyamapanda sindilembapo zambiri. Amene munaudutsapo mukuudziwa: kutentha kwa ku Tete, mizere ya pachipata, ndi anyamata osintha ndalama amene amakuunjirira usanatsike n'komwe basi. Chimodzi chokha ndikuuzeni: nyamulani madola a ku America ang'onoang'ono, a 1 ndi a 5. Ku Zimbabwe chenji ndi nkhondo. Ukapereka 10 pogula madzi, mwina akubwezera ZiG, ndalama ya dzikolo, mwina masiwiti, mwina akuuza kuti udikire, ndipo udikiradi.

Ndinkapita ku Kwekwe, mtunda wa makilomita oposa 200 kuchoka ku Harare pa msewu wa ku Bulawayo. Agogo anga aamuna anagwirako ntchito m'migodi ya golide ya m'dera limeneli dzikolo likadali Southern Rhodesia. Anabwerako ndi njinga, sutikesi ya malata, ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda. Ndinkafuna ndikaone ndi maso anga kumene anakachitenga.

Kombi ndinalipira madola 10, kondakitala akulumbira kuti tifika dzuwa lisanapendeke. Norton, Chegutu ndi Kadoma tinadutsa bwinobwino. Titayandikira mtsinje wa Munyati galimoto inatsokomola kawiri, pansi pa mpando wa dalaivala panatuluka nthunzi, basi zii. Dalaivala anatenga chigubu n'kulowera kumtsinje, kondakitala anasowa ndi ndalama zathu zomwe ati kukasaka lamba wa injini. Palibe anapepesa. Ine ndinakhala pansi pa kamtengo n'kuimbira foni kumudzi, kudandaula mokweza monga timachitira tikaganiza kuti palibe akutimva.

"Mwananga, kwanu n'kuti?"

Anali madala ena amene anakhala kumbuyo kwanga ulendo wonse, atavala jekete pa dzuwa la Okutobala. Chichewa chawo chinali chakale, chosakanikirana ndi Chishona apo ndi apo. Nditati ku Ntcheu anavula chipewa. Bambo awo anachokera ku Dedza, iwo anabadwira m'komboni ya pa mgodi, ndipo ku Malawi phazi lawo silinapondeko. Anatulutsa botolo la mahewu m'chikwama n'kundipatsa kuti ndiyambe ndine. Kenako analoza chakutsogolo kumene kuli siteshoni yamagetsi ya Munyati.

"Magetsi awo sanabwerere ife ayi. Anabwerera zigayo za miyala. Ife m'komboni tinkayatsa koloboyi, mawaya akudutsa pamwamba pa denga."

Madalawo sankanama, ndipo nkhani yake inayambira patali. Mu 1888 mfumu Lobengula inasainitsidwa pangano lopereka miyala yonse ya mtengo wapatali kwa anthu a Cecil Rhodes, ndipo chaka chotsatira boma la Britain linapatsa British South Africa Company chilolezo cholamulira dzikolo. Azungu amene analowa mu 1890 analonjezedwa aliyense munda wa maekala 3,000 ndi malo 15 okhomapo zikhomo za mgodi. Rhodes ankalota Johannesburg yachiwiri, motero lamulo lake linali lakuti wopeza golide asangoyamba kukumba. Ayambe watsegula kampani, theka la masheya lipite kwa British South Africa Company. Koma golide wa kuno ndi womwazikana m'timitsempha ting'onoting'ono, ndipo wapamwambapamwamba eni nthaka anali atamukumba kale zaka mazanamazana m'mbuyomo. Azungu ambiri sanafufuze kanthu: ankapereka bulangete kwa munthu wa m'mudzi kuti awalozere maenje akale, n'kukhomapo zikhomo. Mgodi wa Globe and Phoenix, umene unabala tauni ya Kwekwe, unakhomedwa mu 1894 pa maenje akale otere.

Makampani atayamba kugwa, Kampani ya Rhodes inafewetsa dzanja. Gawo lake linatsika kuchoka pa theka kufika pa magawo 30 pa 100 alionse, kenako inasiya zotenga masheya n'kumangodula msonkho pa golide wotuluka, ndipo mzungu wa kamgodi kakang'ono analoledwa kugaya miyala yake payekha. Azungu a m'dzikomo atayamba kudzilamulira mu 1923, thandizo linachita kusefukira. Mu 1931 Britain inasiya kumangiriza paundi ku golide, mtengo wa golide unakwera, ndipo timigodi tinaphuka tchire lonse. Boma linkadulako msonkho pa phindu latsopanolo, inde, koma linkabweza ndi dzanja linalo: ngongole zogulira makina, mainjiniya a boma odzapereka malangizo, akatswiri oyeza miyala. Mu 1933 linagula ufulu wa migodi yonse kwa Kampani ija pa mapaundi 2 miliyoni. Mu 1936 linakhazikitsa bungwe la magetsi, ndiye siteshoni ya Munyati ija. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 linamanga ng'anjo yaikulu ku Kwekwe yowotchera miyala yokanika, imene golide wake satuluka ndi mankhwala wamba. Nkhondo yachiwiri itatha, asilikali achizungu anaphunzitsidwa za migodi n'kupatsidwa ngongole kuti ayambe yawoyawo. Asilikali akuda amene anakamenya nkhondo ku Burma sanazione zimenezo.

Lamba uja anafika dzuwa litafiira, ndipo ku Kwekwe tinalowa kutada. Ine ndinali ndi maganizo okasaka chipinda cha madola 25 m'tauni. Madalawo anakana kwamtuwagalu. "Mwana wa kumudzi akagone kumalo olipira ine ndilipo? Akandiseka ndani?" Choncho ndinapezeka ku Amaveni, limodzi mwa madera okhalamo anthu ku Kwekwe komweko, m'nyumba ya zipinda ziwiri, mpongozi wawo akutithira madzi m'manja atagwada. Nsima inali yolimba monga amaphikira kumeneko, ndiwo zake mpiru wotendera. Ine ndinali ndi kathumba ka usipa wouma kamene ndinanyamulira anthu ena ku Harare, ndinangokatulutsa. Madalawo anatola nsomba imodzi, kuinunkhiza nthawi yaitali, n'kuitana zidzukulu kuti zibwere zidzaone nsomba ya kwa agogo awo.

Titasamba m'manja anatulutsa kachitini ka masikono. M'katimo munali chitupa cha bambo awo, pepala lofiirira lopindidwa kanayi, m'mapindiro mwake mutamatidwa ndi selotepi yachikasu. Pamwamba dzina limodzi lokha, lolembedwa molakwika, dzina la mfumu ya kwawo, ndi chidindo cha chala chachikulu. M'munsi mizere: dzina la bwana, tsiku loyamba, malipiro, tsiku lomasulidwa, siginecha. Popanda siginecha yomalizayo munthu sankachoka pa mgodi. Akachoka ndiye kuti wathawa, ndipo apolisi amugwira pansi pa lamulo la mabwana ndi antchito. Malipiro sankayendera mwezi wa pakalendala koma tikiti ya masiku 30 ogwira ntchito. Ukadwala, kapena kapitawo akanena kuti dzenje lako silinakwane, tsiku limenelo silichongedwa.

"Bambo ankati anabwera pa Ulere, osalipira kobiri," anatero madalawo, n'kuseka. "Kubwera kunali kwaulere. Kubwerera ndiye kunawakanika."

Apa m'pamene nkhani ya thandizo la boma imatikhudzira ife. Mgodi wa golide wochepa umapindula pokhapokha wokumba akhale wotchipa, ndipo eni dziko, amene anali ndi minda ndi ng'ombe, sankafuna kulowa pansi pa malipiro amenewo. Ndiye maso anatembenukira kumpoto. Mu 1903 kunakhazikitsidwa Rhodesia Native Labour Bureau, bungwe lolemba antchito limene anthu ankangoti chibalo. Mu 1935 komiti ya boma la Nyasaland inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, midzi itatsala ya amayi, ana ndi nkhalamba. Chaka chotsatira maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anasainirana pangano ku Salisbury (Harare wa lero) la kayendedwe ka antchito, ndipo boma la Southern Rhodesia linaika malole aulere ndi misasa yogonamo m'njira, ndiye Ulere uja. Kenako kunabwera Mthandizi, bungwe linanso lolemba antchito. Ine malole amenewo ndimawaika pa mndandanda umodzi ndi magetsi ndi ng'anjo ija: zonse zinali zothandiza mwini mgodi. Ngakhale malamulo a phoso, oti wantchito azilandira nyama, nyemba ndi masamba pamwamba pa ufa, anabwera anthu atafa kale ambirimbiri ndi chibayo ndi matenda otupa nkhama, mpaka maboma a kumpoto kuyamba kudandaula. Olemba mbiri amawerengera kuti pakati pa 1900 ndi 1933 anthu akuda oposa 30,000 anafera m'migodi ya dzikoli, ochuluka ndi matenda osati ngozi. Sikuti ankangopirira ayi: sitiraka ya pa mgodi wa Shamva mu 1927 inali ndi anthu a ku Nyasaland ambiri patsogolo.

Kutacha mdzukulu wawo anandiperekeza ku National Mining Museum, pafupi ndi mgodi wa Globe and Phoenix. Chimene alendo amathamangira ndi Paper House, nyumba ya bwana wamkulu wa mgodi imene inabwera m'zidutswa kuchokera ku Britain m'zaka za m'ma 1890, makoma ake a pepala lolimba lomatidwa pa waya, itakhala pa mizati. N'zodabwitsadi kuti ikadaimabe. Koma ine ndinakhalitsa pa chigayo cha miyala chimene chili panja: misi yachitsulo yondondozana imene inkasinja mwala usana ndi usiku ngati amayi asanu pa mtondo umodzi. Makina alipo ambiri, ena dzimbiri lawadya. Za amene ankawadyetsa miyala ndinamva zambiri pa mphasa ya ku Amaveni kuposa pamenepo. Pakhomo funsani mtengo musanalowe, chifukwa mlendo wochokera kunja amalipira mosiyana ndi mwini dziko.

Mukamayenda m'dera lozungulira mgodiwo, musachoke m'njira yopondedwa. Pansi pa tauniyi m'mphako zokhazokha, zakale ndi zatsopano zimene akukumba makorokoza, anyamata osaka golide pawokha. Mu Malichi 2023 kalasi ya pa sukulu ya pulayimale ya Globe and Phoenix inatitimira ana ali m'kati, ena n'kuvulala. Ena mwa anyamata amenewa ndi zidzukulu za machona, mukamva maina a Phiri ndi Banda musadabwe. Pa depoti wina anandikokera pambali n'kundionetsa kanthu kachikasu m'kapepala ka fodya, ati andigulitsa motchipa poti ndine wa kumudzi. Musayerekeze. Lamulo la malonda a golide la 1940 likadalipo m'mabuku, ndipo golide amayenera kugulitsidwa ku Fidelity, kampani ya boma yogula golide, kapena kwa amene ali ndi chilolezo. Akakupezani naye pa Nyamapanda, za chibale cha ku Dedza mukazifotokozera kukhoti.