A malume akwera kuchokera ku Mtakataka

Lachitatu usiku, pa Dedza boma

A malume abwera lero kudzaona amayi, poti kunyanja mwera wavuta ndipo mabwato ambiri ali pamtunda. Madzulo tinakhala kukhitchini kuotha mbaula, iwo atadzikulunga bulangete, akudandaula kuti kuzizira kwa kuno n'kwa anthu olimba. Zimene tinakambirana ndi zomwe zandiletsa kugona.

Ndinawauza kuti ndikufuna kubwerera kusukulu kukachita masters. M'mutu mwanga muli njira ziwiri. Ina ndi ku Bunda komwe ndinachita digiri yoyamba ya za nsomba, kumene kuli AquaFish, nthambi ya maphunziro apamwamba a za nsomba, yomwe imalandira ophunzira ochokeranso m'maiko ena a mu Africa. Ina ndi kufunsira malo ku yunivesite ya Rhodes, ku South Africa, kumene amaphunzitsa za nsomba za m'mitsinje ndi za m'nyanja ya mchere zomwe. Mtima wanga wakhala ukukokera kumeneko, chifukwa ntchito zimene ndimaona pa intaneti zambiri ndi zoteteza nyanja ya mchere, ku Tanzania, ku Kenya, ku Mozambique.

Anayamba asonkhezera makala, kenako anati, "Ndiye iwe mphwanga ukakaphunzira za nyanja ya eni, yathuyi aione ndani?"

Ndinayamba kuwafotokozera kuti nzeru zake n'zofanana, kuwerengera nsomba zimene zatsala m'madzi, kudziwa nthawi yoswana, kukula kwa maso a ukonde. Ndinawauzanso kuti mu 2018 bungwe la IUCN, loona za chilengedwe padziko lonse, linaika mitundu ya chambo pa gulu la zamoyo zimene zili pafupi kutheratu. Sanadabwe ngakhale pang'ono. Anati iwo anadziwa kale, tsiku limene anaona kuti ana a padoko akukula osachilawa chambo, ndiwo zili usipa basi.

A malume ali mu komiti ya padoko, ija timaitcha BVC, imene lamulo la za nsomba la 1997 linatsegulira njira kuti asodzi eni ake azitenga nawo mbali posamala nyanja. Ine ndinaziphunzira m'kalasi n'kulemba mayeso. Iwo chaka chatha analanda neti ya udzudzu kwa mwana wa mlongo wa akazi awo, yemwe amakokera timwana ta nsomba m'mphepete, ndipo mpaka lero banja limenelo siliwapatsa moni, ngakhale pamaliro. Ponena zimenezi mawu awo anatsika. Anatambasula manja pamoto, zala zili ndi zipsera za chingwe cha khoka.

"Ophunzira inu mumabwera ndi sikelo ndi mapepala a mafunso," anatero. "Timakuyankhani bwinobwino, mumalemba, mumakwera galimoto. Zimene mwapeza sitizimva. Zoti chambo chimasunga ana m'kamwa tikudziwa. Zoti chimaswana mvula ikamayandikira tikudziwa. Tiuzeni kuti nyanja ikatsekedwa mu Novembala, munthu wopanda munda adye chiyani."

Ndinakwiya, ndipo mkwiyowo sunandichoke. Akunena zoona, koma akuiwala kuti nanenso ndili ndi mimba. Kuyambira pomwe ndinamaliza sukulu ndakhala ndikugwira timaganyu ta kafukufuku, mwezi uno kulipo mwezi wamawa kulibe. Anzanga ena a m'kalasi ali kubanki, ena akugulitsa mafoni, wina akuweta nkhuku. Malo a ntchito za nsomba ndi ochepa, ndipo amene amalengezedwa ambiri amafuna masters. Kodi n'kulakwa kufuna pepala limene lingandipezetse ntchito ngakhale kunja?

Masana ndinali nditapita kukaona damu la gulu lina la alimi cha ku Bembeke. Makumba asiya kudya chifukwa madzi azizira, gaga akungoyandama pamwamba, alimi nkhope zagwa. Ndinawalangiza kuti achepetse chakudya mpaka kutafunda, ndipo pobwerera ndinali wosangalala kuti ndathandiza. Chisangalalo chonsecho chathera kukhitchini kuja.

Ndinawatchulira za ku Mbenji ku Salima, kumene amfumu a Makanjira ndi anthu awo amatseka usodzi pachilumba miyezi ya dzinja kuyambira kalekale, ndipo asodzi amamvera. Anavomera ndi mutu, nati kumeneko zimayenda chifukwa wotseka ndi wotsegula amamudziwa, amakhala naye, ndipo lamulo silisankha nkhope. Kwawo akuti wa bwato lopalasa ndiye amagwidwa msanga, pamene wa injini amathawira pakati pa nyanja komiti n'kumangoyang'ana. Anandifunsa ngati kusukuluko kuli phunziro la zimenezo. Lilipo, ndipo ndinakhoza bwino, koma ndinachita manyazi kuyankha choncho.

Pa fomu yofunsira masters pali malo olemba mutu wa kafukufuku amene ndikufuna kuchita. Ndinali nditalemba za kakulidwe ka nsomba m'madamu a malo ozizira. Tsopano ndikuganiza za funso lawo la Novembala lija, koma kafukufuku wotere amafuna kukhala padoko miyezi yambiri, ndipo ndalama zake ndizitenga kuti? Komanso ndikasankha zimenezi, ndiye kuti za ku South Africa ndazisiya.

Loweruka komiti yawo ili ndi msonkhano. Ati nditsike nawo pa Golomoti, ndikakhale kumbuyo ndingomvera, ndisatenge cholembera. Amayi akuti ndipite. Ine sindinawayankhe, ndipo makalata ondichitira umboni sindinayambe n'komwe kupempha.