Mneni wa Chinepali "garnu" ndi mmene amasinthira m'nthawi zosiyanasiyana

Munthu amene wayamba kuphunzira Chinepali, chiyankhulo cha boma cha dziko la Nepal chomwe chimamvekanso ku Sikkim ndi ku Darjeeling m'dziko la India, sachedwa kukumana ndi mneni *garnu*. M'malembo a Devanagari, amene Anepali amagwiritsa ntchito polemba chiyankhulo chawo, amalembedwa गर्नु ndipo tanthauzo lake ndi "kuchita". Ndimalangiza wophunzira aliyense kuti ayambire pa mneni ameneyu chifukwa amaphatikana ndi mayina ambiri n'kupanga aneni atsopano: *kām garnu* ndi kugwira ntchito, *kurā garnu* ndi kukambirana, *māyā garnu* ndi kukonda, *maddat garnu* ndi kuthandiza, pamene *phon garnu* ndi kuimba foni. Ifenso timatero tikamati "kuchita manyazi" kapena "kuchita mantha", koma Anepali amagwiritsa ntchito njirayi mochuluka kwambiri, moti amene wagwira bwino *garnu* amatha kunena zinthu zambiri asanaphunzire mneni wachiwiri.

Mumtanthauziramawu aneni a Chinepali amathera ndi *-nu*, ndipo mukachotsa mbali imeneyi mumatsala ndi tsinde, lomwe pano ndi *gar-*. M'Chichewa zonse zotiuza wochita ndi nthawi timaziika tsinde lisanafike, monga mu "ndinachita" kapena "mudzachita". Chinepali chimaziika kumapeto kwa tsinde, komanso mneniyo amakhala womalizira m'chiganizo chonse. Choncho *ma kām garchhu*, kutanthauza "ndimagwira ntchito", mawu ake anayalidwa ngati "ine ntchito ndimachita".

M'nthawi yatsopano yonena za chizolowezi, ine ndimati *ma garchhu*, ife timati *hāmī garchhaũ*, za munthu wina timati *u garchha*, ndipo za anthu ambiri timati *uniharu garchhan*. Pa munthu amene mukuyankhula naye m'pamene pali nkhani yaikulu, chifukwa pamene ife tili ndi "iwe" ndi "inu", Anepali ali ndi masitepe atatu a tsiku ndi tsiku. *Tã garchhas* amanena kwa mwana wamng'ono kapena kwa mnzawo wapamtima kwambiri, ndipo kwa mlendo ndi chipongwe. *Timī garchhau* ndi wa anzanu ndi anthu ocheperapo msinkhu. *Tapāī̃ garnuhunchha* ndi wa akuluakulu, aphunzitsi ndi aliyense amene simukumudziwa.

Apa m'pamene ndimasiyana ndi kaphunzitsidwe koloweza mizere yonse ya kasinthidwe ka mneni kuyambira pamwamba mpaka pansi. Wophunzira wachikulire amene wafika ku Kathmandu kapena ku Pokhara, mizinda ya ku Nepal, adzayankhula kwambiri za iye mwini ndiponso kwa anthu oyenera ulemu, choncho mizere ya *ma* ndi *tapāī̃* ndi imene ayenera kuidziwa m'nthawi zonse asanavutike ndi ina. Mwayi wake ndi woti mzere waulemu, ngakhale ukuoneka wautali, ndi wosavuta kuposa yonse. Mneni sadulidwa, amakhala wathunthu, *garnu*, kenako mumawonjezera mneni *hunu*, "kukhala", amene amanyamula nthawi. Motero timapeza *garnuhunchha* pa "mumachita", *garnubhayo* pa "munachita", *garnuhunthyo* pa "munkachita" ndi *garnuhunechha* pa "mudzachita". Mawu omwewa amagwiranso ntchito ponena za munthu waulemu amene palibe, yemwe mlowam'malo wake ndi *uhā̃*, monga ife timanenera kuti "iwo anachita" tikunena za bambo mmodzi. Munthu amene anakula akudziwa kuti sangauze apongozi ake kuti "wadzuka bwanji" safunika kumufotokozera chifukwa chake zimenezi n'zofunika.

Nthawi yakale ndi imene imafuna kudekha. Timati *maile garẽ* pa "ndinachita", *hāmīle garyaũ* pa "tinachita", *timīle garyau* pa "unachita", *usle garyo* pa "anachita" ndi *uniharule gare* ponena za ambiri. Mukayang'anitsitsa muona kuti mlowam'malo aliyense watenga kachidutswa *-le*, ndipo ena asintha maonekedwe: *ma* wasanduka *maile*, *u* wasanduka *usle*. Kachidutswa kameneka kamaikidwa pa mwininkhani pamene mneni ndi woyambukira, kutanthauza kuti ntchito yake imagwera pa chinthu china, ndipo ntchito yake inachitika kale. Mneni wosayambukira sakafuna. N'chifukwa chake "ndinadya mpunga" ndi *maile bhāt khāẽ*, koma "ndinapita" ndi *ma gaẽ* basi. M'Chichewa mwininkhani sasintha chifukwa cha mtundu wa mneni, choncho palibe chimene chimatikumbutsa kuika *-le*. Njira imene ndimaiona yothandiza ndi kuloweza *maile garẽ* ngati mawu amodzi, osati kuyamba kuganizira za lamulo muli pakati pa chiganizo.

Palinso nkhani ya khutu. *Garẽ* ndi *gare* amasiyana pa chinthu chimodzi chokha, chakuti lembo lomaliza la woyambayo limatulukira m'mphuno, koma woyambayo akunena za ine pamene wachiwiriyo akunena za iwo. Chimodzimodzi *garyaũ* wa ife ndi *garyau* wa iwe. Polemba, kusiyanako kumasonyezedwa ndi kachizindikiro kakang'ono pamwamba pa lembo. Malembo a liwu a Chichewa sasiyanitsidwa motere, ndiye ndi bwino kumvetsera eni chiyankhulo mobwerezabwereza mpaka khutu litazolowera.

Zokana zili ndi mathero akeake, sizitenga "si-" kumayambiriro ngati kwathu. "Sindichita" ndi *ma gardinã*, "sachita" ndi *u gardaina*, "simuchita" waulemu ndi *tapāī̃ garnuhunna*. M'nthawi yakale timapeza *maile garinã*, *usle garena* ndi *tapāī̃le garnubhaena*.

Nthawi zotsatira n'zopepuka chifukwa zimamangidwa ndi zidutswa ziwiri. Ntchito imene ili m'kati imatenga *gardai*: *ma gardai chhu* ndi "ndikuchita", *ma gardai thiẽ* ndi "ndinali kuchita", ndipo waulemu ndi *tapāī̃ gardai hunuhunchha*. Ntchito imene yatha koma zotsatira zake zilipobe imatenga *gareko*: *maile gareko chhu* ndi "ndachita", *maile gareko thiẽ* ndi "ndinali nditachita". Chizolowezi chakale, chimene ife timachisonyeza ndi "-nka-", chili ndi mathero akeake: *ma garthẽ*, *u garthyo*.

Za m'tsogolo, mabuku amapereka *ma garnechhu* ndi *u garnechha*, ndipo mawuwa ndi olondola, koma amamveka kwambiri m'zolembedwa, m'nkhani za pawailesi ndi m'malonjezo a pamsonkhano. Pocheza anthu amangotenga nthawi yatsopano n'kuwonjezera tsiku: *ma bholi garchhu*, monga momwe ife timanenera kuti "ndichita mawa". Palinso mtundu wina wa m'tsogolo wosatsimikiza, *ma garũlā* ndi *u garlā*, wonena zimene mwina zichitika. Mtundu umenewu ndi umene uli m'mawu otsanzikirana akuti *pheri bheṭaũlā*, "tidzaonananso".

Nthawi imene imandikondweretsa koposa ndi ya zinthu zimene zinachitika woyankhula asakudziwa, n'kuzazindikira pambuyo pake. *Usle garyo* amangonena kuti munthuyo anachita, koma *usle garechha* amanena kuti ndangozindikira kumene kuti anachita, mwina poona zizindikiro kapena pomva kwa ena. Ife timaonjezera mawu akuti "kani" kuti timveketse zimenezi: "kani anagwira ntchito ija". Chinepali chinaika kudabwa kumeneku m'kati mwa mneni mwenimweni, ndipo munthu akhoza kudzinenera yekha, monga amene wadzidzimuka ali pampando n'kunena kuti *ma ta nidāechhu*, "kani ndinagona". Ophunzira ambiri amaisiya nthawi imeneyi poganiza kuti ndi ya akatswiri, koma imamveka kawirikawiri pocheza ndi pofotokoza nthano, choncho ndi bwino kuizindikira msanga ngakhale musanayambe kuigwiritsa ntchito.

Polamula kapena kupempha, masitepe atatu aja amabweranso: *gar* kwa *tã*, *gara* kwa *timī*, ndi *garnus* kapena *garnuhos* kwa *tapāī̃*. Poletsa m'pamene Chinepali chimaika kachidutswa kumayambiriro, *na-*, n'kupanga *nagara* ndi *nagarnus*. M'zolembedwa mudzapezanso *garchhe* ndi *garchhin* ponena za munthu wamkazi, ngakhale anthu ambiri sasiyanitsa zimenezi akamacheza.

Mukachoka pa *garnu* kupita ku aneni amene tsinde lawo limathera ndi lembo la liwu, monga *khānu*, "kudya", ndi *jānu*, "kupita", mathero ndi omwewo koma m'nthawi yatsopano mumalowa *n*: *ma khānchhu*, *ma jānchhu*. *Jānu* amasinthanso tsinde m'nthawi yakale n'kukhala *ga-*, monga mu *u gayo*, "anapita". Mzere waulemu wokha sugwedezeka. Umakhalabe *jānubhayo* ndi *khānubhayo*, ndipo wachiwiriyu mudzamumva tsiku lililonse m'funso limene Anepali amapatsirana moni, *khānā khānubhayo?*, kutanthauza "kodi mwadya?"