Ampulifaya ya mavalavu ndi mtengo wake pa chilengedwe: pamene ntchito yafika

Ntchito yokonza ampulifaya yanga ya gitala yafika poti ikulira bwino ndipo mkokomo umene unkamveka pansi pa nyimbo watha, choncho ndatembenukira ku funso limene ndinaliika pambali pamene ndinkasintha makapasita, tizipangizo tosunga magetsi: kodi chipangizochi chimadya magetsi ochuluka bwanji, nanga chimasiya chiyani pa chilengedwe kuyambira popangidwa kufikira potayidwa? Ampulifayayi inamangidwa motsata dongosolo la Fender Champ 5F1, limene linatchuka ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Ili ndi mavalavu atatu okha, timabotolo tagalasi toyaka mkati: 12AX7 imene imayamba kukweza mawu ochokera ku gitala, 6V6GT imene imapereka mphamvu ku sipika, ndi 5Y3GT imene imasandutsa magetsi a AC, ochokera pakhoma, kukhala a DC, oyenda mbali imodzi ngati a batire. Mphamvu imene imafika ku sipika ndi pafupifupi ma watt 5 basi.

Valavu sigwira ntchito isanatenthe. Mkati mwake muli kawaya kamene kamayaka kuti katenthetse kachitsulo kotchedwa cathode, ndipo cathode ikatentha ndi pamene magetsi amayamba kudutsa m'botolomo. Mapepala a opanga mavalavu amanena momveka bwino zimene kawayaka kamadya. 12AX7 imakoka ma amp 0.3 pa ma volt 6.3, amene ndi ma watt 1.9, 6V6GT imakoka ma amp 0.45, amene ndi ma watt 2.8, pamene 5Y3GT, imene ilibe gawo lililonse pokweza mawu, imakoka ma amp 2 pa ma volt 5, amene ndi ma watt 10. Tikaphatikiza, ma watt pafupifupi 15 akutha pongotenthetsa mavalavu, kuwirikiza katatu mphamvu yonse imene ampulifayayi ingapereke ku sipika, munthu asanakhudze chingwe cha gitala ngakhale chimodzi.

Kuwonjezera apo, Champ imagwira ntchito mwa njira imene amaitcha class A, ndiko kunena kuti valavu yamphamvu imakoka magetsi mofanana kaya munthu akuimba kaya wangokhala. Ndinayeza pa rezisita (kachipangizo kochepetsa kuyenda kwa magetsi) ya ma ohm 470 imene ili pa cathode ya 6V6GT ndipo ndinapeza ma volt pafupifupi 19, zimene zikusonyeza kuti mukudutsa ma milliamp okwana 40. Popeza pakati pa plate (kachitsulo kolandira magetsi m'valavumo) ndi cathode pali ma volt oposa 320, valavuyi ikusandutsa ma watt pafupifupi 13 kukhala kutentha, ndipo ichi chaposa pang'ono malire a ma watt 12 amene analembedwa pa 6V6GT yakale. Kamita kopimira magetsi kamene ndimalumikiza pakhoma kakuonetsa ma watt pafupifupi 40, ndipo nambalayi sisuntha kwenikweni ngakhale nditatsegula voliyumu yonse. Ampulifaya zamakono zopanda mavalavu, zimene amazitcha class D, zimatha kufikitsa ku sipika pafupifupi magawo 90 pa 100 a magetsi amene zakoka, pamene yangayi ikufikitsa gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu, ndipo imatero pokhapokha ikamalira ndi mphamvu yake yonse.

Ampulifaya zikuluzikulu za mavalavu zimadya koposa. Marshall ya ma watt 100 ili ndi mavalavu anayi a EL34, iliyonse yokoka ma amp 1.5 pa ma volt 6.3, ndi mavalavu atatu a ECC83, motero kutenthetsa kokha kumatha ma watt oposa 40. Fender Twin Reverb, yokhala ndi ma 6L6GC anayi ndi mavalavu ang'onoang'ono asanu ndi imodzi, imatha pafupifupi ma watt 34. Switchi ya standby, imene oimba ambiri amaikhulupirira kwambiri, sizimitsa mbali imeneyi. Imangodula magetsi amphamvu n'kusiya timawaya tikuyakabe. Oimba amene amasiya ampulifaya pa standby kuyambira poyeserera masana kufikira dansi itayamba usiku akungotenthetsa chipinda.

Komabe nambala zimenezi zimafuna kuikidwa pamalo pake, chifukwa zimaopsa koposa momwe zilili. Munthu woimba ola limodzi tsiku lililonse pa ampulifaya yodya ma watt 40 amatha mayunitsi pafupifupi 15 pa chaka chonse, ndipo ketulo yamagetsi ya ma watt 2,000 imatha mayunitsi omwewo m'maola asanu ndi awiri ndi theka. Komanso magetsi ambiri a kuno ku Malawi amachokera m'madzi a mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kotero kuti yunitsi imodzi kuno siitulutsa utsi wofanana ndi yunitsi ya ku South Africa, kumene magetsi ambiri amapangidwa ndi malasha. Chitonthozo chimenechi chili ndi malire ake. Pamene namondwe Ana anaononga Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi ma megawatt 130, ndipo madzi akalephera chotere anthu amathamangira ku majenereta a dizilo ndi petulo. Kwa ine amene madzulo ena ndimaimba ndi magetsi a sola, watt iliyonse imaonekera pa batire. Batire ya mtovu ya ma volt 12 ndi 100Ah siyenera kutsitsidwa kupitirira theka ngati munthu akufuna kuti ikhalitse, ndipo imatha msanga ikamakokedwa kwambiri usiku uliwonse. Batire yakufa, ndi mtovu wake ndi asidi wake, ndi mtolo wolemera pa chilengedwe kuposa mayunitsi 15 aja.

Ichi ndicho chinandichititsa kusintha chinthu chachikulu mwezi uno: ndachotsa 5Y3GT n'kuikamo madayodi a silicon a 1N4007, tizipangizo tosandutsa AC kukhala DC popanda kutenthetsedwa, awiri motsatizana mbali iliyonse, ndi rezisita yaikulu yotsitsa mphamvu. Anzanga okonda mavalavu adzatsutsa, ndipo chifukwa chawo ndikuchidziwa. Amanena kuti valavu yosandutsa magetsi imachititsa kuti mphamvu itsike pang'ono pamene woimba wamenya zingwe mwamphamvu, kenako n'kubwereranso, ndipo kufewa kumeneku ndi kumene kumakometsa mawu. Zimenezi ndi zoona pa ampulifaya za push-pull zogwira ntchito mu class AB, momwe mavalavu amphamvu amasinthana ntchito, monga Fender Deluxe kapena Fender Bassman, chifukwa kumeneko magetsi okokedwa amakwera ndi kutsika potsata kaimbidwe. Pa Champ, pamene valavu imodzi ikukoka magetsi ofanana nthawi zonse, palibe kwenikweni chimene chingatsike. Chimene 5Y3GT imachita pano, kupatula kusandutsa AC kukhala DC, ndi kutsitsa ma volt makumi angapo, ntchito imene rezisita imachita popanda kudya ma watt 10 otenthetsera. Rezisitayo ndi yofunika ndithu, pakuti madayodi okha akanakweza mphamvu n'kuwotcha 6V6GT imene inali kale pamalire. Nditasintha, kamita kapakhoma katsika ndi ma watt pafupifupi 10, thiransifoma sikutenthanso monga kale, ndipo khutu langa silikumva kusiyana kulikonse kumene ndingalumbirire. Soketi ya valavuyo ndaisiya m'malo mwake kuti wofuna kubwezera zakale adzatero mosavuta. Ndikumbutse aliyense wofuna kuyesa zimenezi kuti makapasita amasunga ma volt mazana angapo ngakhale ampulifaya itazimitsidwa ndi kuzulidwa pakhoma, ndipo ayenera kuyamba achotsedwa mphamvuyo n'kuyezedwa dzanja lisanalowe mkati.

Pamene ndalingalira mozama, ndaona kuti nkhani yaikulu ili pa kupanga ndi kunyamula, osati pa magetsi oimbira. Mafakitale opanga mavalavu a gitala atsala ochepa kwambiri padziko lonse. Pali JJ Electronic ku Čadca m'dziko la Slovakia, pali fakitale ya ku Saratov ku Russia imene imapanga mavalavu a Electro-Harmonix, Sovtek ndi Tung-Sol pansi pa kampani ya New Sensor ya Mike Matthews, ndipo pali ena ku China. Mu March 2022, nkhondo ya ku Ukraine itayamba, malamulo oletsa kutumiza katundu kunja kwa Russia anachititsa kuti mavalavu asowe m'masitolo ndi kukwera mtengo, ndipo oimba ambiri anazindikira pamenepo kuti mawu amene amawakonda amadalira mafakitale owerengeka. Valavu iliyonse imafuna galasi losungunulidwa, nickel, tungsten, mica yokumbidwa pansi, ndi barium imene imapanga banga lonyezimira lija pamutu pa botolo, limene limayera ngati ufa mpweya ukalowa. Kuti ifike ku Blantyre imayamba yadutsa kwa ogulitsa a ku Ulaya kapena ku Johannesburg, nthawi zambiri pa ndege. Pachifukwa ichi chizolowezi chosintha mavalavu onse nthawi imodzi, ngakhale ali bwino, sindikuchivomereza. Mavalavu ang'onoang'ono monga 12AX7 amagwira ntchito zaka zambiri, ndipo amphamvu okha ndi amene amatopa msanga, makamaka akamatenthetsedwa kupitirira malire.

Kulemera nakonso ndi umboni wa zimene zakumbidwa pansi. Ampulifaya ya mavalavu imafuna mathiransifoma awiri, ina ya magetsi ina ya sipika, onse odzaza chitsulo ndi waya wa mkuwa. Twin Reverb imalemera pafupifupi makilogalamu 29, pamene Tone Master Twin Reverb, imene Fender inatulutsa mu 2019 ndipo imatsanzira mawu omwewo ndi kompyuta yamkati ndi class D, imalemera pafupifupi makilogalamu 15. Wina atandifunsa kuti agule iti yatsopano poganizira chilengedwe chokha, sindingamuuze kuti atenge ya mavalavu.

Funso limasintha ikakhala ampulifaya imene ilipo kale. Dongosolo la 5F1 lili ndi tizipangizo tochepa kwambiri, tonse tooneka ndi maso, tolumikizidwa ndi waya pa kabolodi kamene munthu angakawerenge ndi chala. Makapasita ndi marezisita ake ndi a mtundu wodziwika, amene amagulitsidwabe, ndipo mmisiri aliyense wokonza mawailesi amene amadziwa kusamala magetsi amphamvu angathe kuikonza. N'chifukwa chake ma Champ opangidwa zaka zoposa 60 zapitazo akuimbabe lero. Ampulifaya ya digito ikafa chip chake chachikulu, kapena wopanga akasiya kupanga bolodi yake, kuno kwathu ulendo wake umathera pa shelefu ya mmisiri, kenako kudzala. Sindikunena kuti zonse za digito zimafa msanga, chifukwa zilipo zimene zakhala zaka zambiri. Ndikunena kuti kukonzeka kwa chinthu kuyenera kuwerengedwa pamodzi ndi ma watt ake, ndipo kwa ife amene tili kutali ndi mafakitale kukonzekako kumalemera kwambiri pa sikelo.

Mbali imene yandisowetsa mtendere ndi ya zinyalala za pa tebulo langa logwirira ntchito. Waya wowotcherera umene ndimagwiritsa ntchito ndi wa 60/40, ndiko kuti magawo 40 pa 100 ndi mtovu. Mayiko a European Union analetsa mtovu m'zipangizo zambiri zamagetsi zatsopano kuyambira mu 2006 kudzera m'lamulo la RoHS, koma ampulifaya zakale zonse zili nawo, ndipo pokonza malo akale waya wa mtovu ndi umene umagwira bwino. Aliyense amene wamva za ana a ku Kabwe ku Zambia, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma nthaka ikadali ndi poizoni, sangasese timadontho timeneti n'kukataya kuseri kwa nyumba kumene zinyalala zimatenthedwa ndipo nkhuku zimapalasa. Ndapatula chitini chokhala ndi chivindikiro chimene ndikusungiramo timadontho ta mtovu, makapasita akale ndi mavalavu akufa, ndipo ndimasamba m'manja ndisanagwire chakudya. Mavalavu wamba a gitala alibe mercury, ngakhale anthu ambiri amaganiza kuti alinayo. Imene ili nayo ndi valavu ya nambala 83, imene Fender inaika mu Bassman 5F6 ya 1957 isanasinthire ku valavu ya GZ34. Makapasita ena akale okhala ndi mafuta mkati angakhale ndi mankhwala apoizoni otchedwa PCB, amene America inaletsa kupanga mu 1979, choncho ooneka kuti akudontha sayenera kutsegulidwa kapena kuponyedwa pamoto.

Zatsala ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kukweza rezisita ya pa cathode kuchoka pa ma ohm 470 kufika pa 560, kuti 6V6GT itsike pansi pa ma watt 12 ndi kukhalitsa. Ndikasintha ndidzayezanso ndi kumvetsera ngati mawu apansi sanaonde. Yachiwiri ndi bokosi, limene matabwa ake afufutidwa ndi chinyezi. Mmisiri wa matabwa anandiuza kuti mkungudza wa ku Mulanje ungakongole ndi kununkhira bwino, koma mtengo umenewu watsala pang'ono kutheratu m'phirimo, ndipo ma Champ oyambirira anali a paini wamba. Ndapeza matabwa a paini ochokera pa shelefu yakale, okhuthala mokwanira, ndipo ndiyamba kuwadula ndikangomaliza kuyeza malo a sipika ya mainchesi 8 ndi mpata wotulukira kutentha kumbuyo.