Tsiku limene ndinasamutsira agogo ku Dôa

Agogo anga chibadwire sanagonepo kunja kwa Angónia, kupatula usiku umodzi ku Dedza pa maliro a mlamu wawo. Koma ine ndinawasamutsa, iwo ndi mudzi wonse, ndi chala chimodzi, Lachisanu lina madzulo.

Ndimagwira ntchito ya pa kompyuta pa ofesi ina ku Ulónguè, yolemba mayina a okalamba ndi olumala amene amalandira kangachepe ka boma. Chaka chimenecho anatibweretsera sistema yatsopano. Chinthu chimenechi sichilandira dzina la munthu usanachiphunzitse dziko: pamwamba Tete, pansi pake distrito, kenako posto administrativo, kenako localidade, mudzi n'kumalizira. Malo alionse ali ndi nambala yake ndi kholo lake. Zili ngati kulongosola mtundu pa siwa, kuti uyu ndi wa kwa uje, uje anabadwa kwa uje. Ukangolakwitsa kholo, ana ndi zidzukulu zonse zimalondola komweko osafunsa.

Kwathu kuno n'kosavuta. Angónia ali ndi ana awiri okha, Ulónguè ndi Domué. Chimene chinandidyera tsiku lonse ndi timichira ta pamwamba pa zilembo. Pepala lina lalemba Ulongue, lina Ulongué, lina Ulónguè, ndipo mnzathu wina analemba Ulongwe, amene ali ku Balaka, ku Malawi. Kwa ife ndi malo amodzi, kumene timagula mbatatesi. Kwa kompyuta ndi matauni anayi. Ndiye pofika 4 koloko mutu unali utatentha, ndipo anzanga anali atayamba kale kundiimbira kuti mpira wayandikira.

Inatsala localidade imodzi, ya kwathu kwenikweni. Pa bokosi la kholo ndinalemba zilembo ziwiri, D ndi o, dzina linatulukira lokha, ine n'kudina Enter maso ali pa foni. Ndinatseka, ndinatsazika, ndinapita. Sindinadziwe kuti pa ndandanda wa afabeti Domué ali ndi mkulu wake womutsogolera, dzina lake Dôa.

Amene simukudziwa, Dôa ali kumunsi kwenikweni kwa chigawo chathu, kufupi ndi Zambezi, kumene kumadutsa njanji ya ku Sena. Anali posto ya Mutarara mpaka 2013 pamene anamukweza kukhala distrito payekha. Kumatentha moti munthu wa kumapiri ngati ine amasungunuka asanatsike basi. Ndiko kumene ndinatumiza agogo, mayi amene amavala majuzi awiri ndi chitenje kumutu ngakhale mu Okutobala.

Sistema sinadandaule. Inangolemba mwaulemu kuti zasungidwa bwino.

Tsiku lolandira linafika. A shefi, bwana wathu wa pa ofesi, anati ndipite nawo poti ndi kwathu, ndikathandize kuwerenga lista. Ndinavala malaya oyera. Tinapeza okalamba atakhala kale pa bwalo la sukulu, ndodo zili pambali, zitupa atazikulunga m'mapepala a shuga. Agogo anali kutsogolo penipeni, ndipo ndinawamva akuuza anzawo kuti, "Ameneyo ndi amuna anga, ndi amene amayendetsa makina onsewa. Dzina langa likhala loyamba."

Ndinawerenga midzi ya ena, anthu n'kumalandira. Ndinatembenuza pepala, ndinatembenuzanso, mapepala anatha. A kwathu, ngakhale m'modzi. Ndinayambiranso kumayambiriro ngati mwina mayina amera ndili kuwerenga.

Amfumu anaimirira pang'onopang'ono, navula chipewa. "Pepani achikulire," anatero kwa a shefi, "kodi ife tinamwalira liti? Mutiuze, mwina mwambo unachitika ife tili kumunda." Bwalo lonse linaseka kupatula anthu awiri, ine ndi agogo.

Nthawi yomweyo foni ya a shefi inalira. Anali mnzathu wa kumunsi. Mawu ake ankamveka mpaka pamene ndinaima. Ankati wakhala akuitana mayina kuyambira m'mawa pa dzuwa, a Jere, a Maseko, a Phiri, a Banda, palibe woyankha, ndipo anthu a kumeneko ayamba kufunsana m'Chisena ngati Angoni abweranso ndi nkhondo. A shefi anatseka foni, nandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka kolala.

"Senhor técnico," anatero. Akakutchula choncho dziwa kuti madzi afika m'khosi. "Kholo la localidade imeneyi unaika ndani?"

Ndinatsegula laputopu pa bonati ya galimoto, ana a sukulu atandiunjirira. Chinalipo, choyera ngati mwezi: Dôa. Ndinayesa kunena kuti mwina ndi netiweki. A shefi analoza pakona pa sikirini, pamene sistema imalemba amene anasintha ndi nthawi yake. Dzina langa lonse, Lachisanu, 16:52. Makina amenewa sadziwa chibale.

Kukonza kunatenga nthawi yochepa kuposa kusenda chinangwa: kufufuta Dôa, kusankha Domué, midzi yonse n'kubwerera kumapiri. Koma ndalama sizibwerera ndi Enter. Lista inali itatsekedwa, mametikali anali atawerengeredwa ku distrito ina, ndipo panafunika kalata, sitampa, siginecha ya uyu ndi ya uje. Ndinaima pamaso pa anthu amene anandiona ndikuyenda chinochino (ena mwa iwo anandisambitsapo), n'kuwauza kuti abwerenso. Mayi wina anandifunsa ngati kumene ndawatumizako ndawapezera kale munda.

Madzulo ndinapita kwa agogo ndi paketi ya shuga. Ndinawapeza akukazinga chimanga pa phale. Sanandiyang'ane.

"Odi, agogo."

"Mukufuna yani? Eni ake kuno anasamuka. Akuti ali ku Dôa."

Ndinakhala pa mpando wa ndalema, n'kuyamba kufotokoza za kholo ndi ana, za afabeti, za timichira ta pa zilembo. Anandisiya mpaka ndinamaliza, akutakasa chimanga chawo.

"Ndiye kuti mwamuna wanga wandipitikitsa ndi makina," anatero. "Chabwino. Koma munthu sachoka ku Zambezi chimanjamanja. Anzanga andifunsa kuti ndabwerako ndi chiyani."

Analandira ndalama zawo patapita masabata awiri, zonse bwinobwino. Ine Loweruka lake ndinalawirira ku msika wa ku Ulónguè kukagula nsomba zouma za ndalama yanga, zazikulu zitatu, n'kukwera nazo njinga ya moto mpaka kumudzi, fungo lili m'malaya. Agogo anazitembenuza, ananunkhiza, nazikweza m'mwamba kuti a nyumba yoyandikana aone.

"Za ku Dôa izi," anatero. "Koma kumatentha, inu!"