Gitala ya ndalama zochepa: pomwe tafika pa kusankha ndi kuyeza

Zolemba zapita tinalekezera pa makodi oyamba (kadinidwe ka nsambo zingapo zolira pamodzi), ndipo ambiri mwa inu mukuyeserera pa gitala yobwereka, ena ya kutchalitchi, ena ya mnansi. Gitala yobwereka sifikitsa munthu patali, chifukwa zala zimafuna kugwira nsambo tsiku ndi tsiku, osati Loweruka lokha. Ndiye tafika pa gawo logula. Ndalama n'zochepa, zimenezo tonse tikudziwa. Magitala a m'masitolo amachokera kunja, ndipo chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo womwe mwamva mwezi uno si womwe mukaupeze mwezi wamawa. N'chifukwa chake pano sitilemba mitengo. Tilemba zoti muyeze ndi manja anu musanapise m'thumba.

Yambani ndi kugawa ndalamazo. Pa K100 iliyonse yomwe mwasunga, ya gitala ikhale K70 kapena K75 basi. Yotsalayo ndi ya nsambo zatsopano, chikwama, ndi mmisiri woti akonze tina ndi tina. Ngati mukukagula ku Limbe kapena ku Lilongwe, thiransipoti yopita ndi yobwerera ilowenso m'mtengo wa gitalayo. Amene amathera zonse pa gitala yokha amafika nayo kunyumba ili ndi nsambo zadzimbiri, ndipo imodzi ikaduka gitala imagona pakona mwezi wathunthu.

Gitala ya magetsi tiidumphe msanga. Imafuna ampu (chokuzira mawu) ndi chingwe, ndiye mtengo umakwera kawiri, ndipo magetsi akazima mwangokhala. Tatsala ndi mitundu iwiri ya bokosi: ya nsambo zawaya ndi ya nsambo zanayiloni. Yanayiloni ndi yofewa ku zala, koma khosi lake ndi lotambalala, mamilimita 52 kumtunda, pomwe la yawaya ndi pafupifupi 43. Mawu ake ndi ofatsa, ndipo pakwaya ya anthu makumi awiri ndi ng'oma pambali amamira. Ambiri kuno ku Mangochi amafuna kuimba pagulu, ndiye yawaya ndiyo imawayenera. Koma chonde, anzathu, musaike nsambo zawaya pa gitala yanayiloni poganiza kuti imveka mokweza. Nsambo zanayiloni zonse pamodzi zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 40, zawaya zimafika 70. Gitala yanayiloni sinamangidwe kuti isenze zimenezo, ndipo zambiri zilibe chitsulo m'khosi. Buliji, kathabwa komatidwa pathupi la gitala komwe nsambo zimamangidwa, imazuka, khosi n'kupindika osabwereranso. Magitala ambiri otsika mtengo omwe amayenda m'manja mwa anthu anafa imfa yotereyi. Mukaona mutu wa mipata iwiri yaitali, makiyi oloza kumbuyo, monga zimakhalira pa yanayiloni, koma nsambo zili zawaya, isiyeni.

Za maina, pali magitala ophunzirira odziwika kuti ndi olimba: Yamaha F310 ndi Cort AD810 ku mbali yawaya, Yamaha C40 ku mbali yanayiloni. Imodzi mwa izi yogwirapo kale ntchito, yosamalidwa bwino, imaposa yatsopano yonyezimira yopanda dzina. Komabe dzina lolembedwa pamutu lisakugonetseni tulo, poti zonamizira zilipo. Suzumirani m'bowo la pakati ndi tochi ya foni, muone pepala lomatidwa mkati ngati lili ndi dzina la mtundu wake, ndipo muone ngati mkatimo ndi mwaukhondo kapena guluu ali mbwee paliponse.

Tsopano kuyeza kwenikweni. Tengani zinthu zinayi: foni yokhala ndi apu yochunira, tepi ya telala, kapepala kopyapyala, ndi makhadi apulasitiki asanu, monga a ku banki kapena chiphaso cha unzika. Khadi lililonse ndi lochindikala mamilimita 0.76, bola mugwiritse mbali yosalala yopanda manambala otumphuka. Atatu pamodzi ndi 2.3, anayi ndi 3, asanu ndi 3.8.

Chunani gitala kaye, E A D G B E kuyambira nsambo yaikulu kufika yaing'ono, apu ili pa muyezo wa 440. Musayeze kanthu isanachunidwe. Ogulitsa ena amatsitsa nsambo dala kuti zimveke zofewa, ndipo mukazikunga kufika pake m'pomwe matenda onse amaonekera. Wogulitsa akakana kuti muichune, ati nsambo ziduka, mwamva kale yankho.

Mukachuna, pitani pa fureti ya 12 (mafureti ndi tizitsulo topingasa pakhosi, towerengedwa kuchokera kumutu). Lowetsani makhadi pakati pa furetiyo ndi nsambo yaikulu ya E. Akalowa atatu n'kukhudza, gitalayo ili bwino kwambiri. Anayi n'zopiririka ndipo zimakonzeka. Akalowa asanu n'kutsala mpata, pali vuto, ndipo muyenera kudziwa komwe likuchokera musananenerere mtengo. Ku nsambo yaing'ono ya E mpata uyenera kucheperako, pafupifupi mamilimita 2. Nsambo zikatalikira mafureti, wophunzira amafinya ndi mphamvu zonse, zala zimatupa, kodi ya F imakanika, ndipo iye amaganiza kuti alibe luso pomwe cholakwa ndi chida. Taona achinyamata ambiri akusiya kuimba pa chifukwa chimenechi chokha, ndipo zimatipweteka, poti n'zopeweka ndi makhadi atatu.

Nsambo zimatalikira pa zifukwa zinayi, ziwiri zotsika mtengo kukonza, ziwiri zoti muthawe. Choyamba ndi khosi kupindika pakati. Ikani thupi la gitala pansi, muyang'ane kuchokera kumutu motsatira m'mphepete mwa khosi ndi diso limodzi, monga kalipentala ayang'anira thabwa. Kupindika pang'ono kolowa mkati n'kofunika. Kuti mudziwe kukula kwake, dinani nsambo yaikulu pa fureti yoyamba ndi chala chimodzi, ndi pa 14 ndi china, mnzanu aone mpata pa fureti ya 7. Uyenera kukhala wa mamilimita 0.2 kapena 0.3, wosakwana ngakhale theka la khadi. Ukakula, chitsulo cha m'khosi, truss rod, chimawongola. Chiyang'aneni m'bowo la pakati kumbali ya khosi kapena pansi pa kachivindikiro ka pamutu. Onetsetsani kuti chilipo ndipo mutu wake sunadyeke. Koma ngati khosi lapotoka, mbali ina yakwera ina yatsika, palibe chitsulo chomwe chingaliwongole. Imeneyo musagule ngakhale atsitse motani.

Chachiwiri ndi sado, kafupa koyera komwe nsambo zimakhalapo pa buliji. Kakakhala kataliko, kotuluka mamilimita 4 kapena 5 pamwamba pa thabwa la buliji, ndi nkhani yabwino, chifukwa pali chopala. Kakakhala kuti kanapalidwa kale mpaka kutsala pang'ono kumira, koma nsambo zikadali kumwamba, ndiye kuti khosi lonse lagwada kuchokera polumikizira ndi thupi. Chimenecho ndi chifukwa chachitatu, ndipo kukonza kwake n'kuzula khosi n'kulibwezeretsa, ntchito yodula kuposa gitalayo. Onaninso chidendene cha khosi kumbuyo, pomwe lakumana ndi thupi. Pakakhala mng'alu kapena mpata wolowa chikhadabo, nkhani yatha.

Chachinayi ndicho chofala kuno kwathu kunyanja: thabwa la pamwamba kufufuma kuseri kwa buliji, ndi buliji kuyamba kunyamuka. Tengani kapepala kaja muyese kukalowetsa pansi pa buliji kumbali ya kumunsi. Kasalowe n'komwe. Kakalowa kangodya kokha, buliji yayamba ulendo. Kakalowa sentimita yathunthu, tsiku lina idzazuka nsambo zili chikokere. Kufufuma pang'ono n'kwachibadwa pa gitala yawaya, koma mukaona kuseri kwa buliji kwatupa ndipo kutsogolo kwake, chakubowo, kwalowa pansi, timitanda ta mkati tamasuka. Gogodani pamwamba ndi chala mozungulira. Pomwe pamveka phwaphwa m'malo mwa mawu olimba, pamenepo guluu wasiya. Buliji yonyamuka imamatika, inde, koma pamafunika kuichotsa yonse, kupala guluu wakale mbali zonse ziwiri, kumata ndi guluu wabwino wa matabwa n'kupana ndi zopanira tsiku lathunthu. Kuthira supa guluu mumpata kapena kukhoma misomali, monga ena amachitira, kumangong'amba thabwa.

N'chifukwa chiyani matenda amenewa achuluka ku Mangochi? Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 35, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i masana kumaposa pamenepo. Guluu akatenthedwa amafewa, pomwe nsambo sizileka kukoka usana ndi usiku. Thabwa limauma n'kunyala, nsonga za mafureti n'kuyamba kubaya m'mphepete mwa khosi. Mvula ikagwa mu Disembala, chinyezi chimalowa, thabwa lomwelo limafufuma, nsambo n'kukwera. Gitala imakonda chinyezi cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti, ndipo kuno imakankhidwa uku ndi uku chaka chilichonse. Pa chifukwa chimenechi sitikulimbikitsa kuthamangira gitala ya thabwa limodzi lenileni pamwamba, ngakhale mawu ake ndi okoma. Ya timatabwa topyapyala tomatikiza, yomwe ndi yotsikanso mtengo, imapirira nyengo yathu kuposa inayo. Mungazisiyanitse poyang'ana m'mphepete mwa bowo la pakati: ya thabwa limodzi mizere yake imatsika kupyoza kuchindikala konse, yomatikiza imaoneka timagawo togundana. Apa wosauka sanaluze kanthu.

Khosi ndi buliji zikapambana, zotsalazo n'zachangu. Lizani nsambo iliyonse pa fureti iliyonse, kuyambira yoyamba mpaka ya 14, mukumvetsera pomwe pali zizizi kapena pomwe mawu afa. Phokoso la pa fureti imodzi yokha limatanthauza kuti yotsatira yake yatukuka. Onani mafureti atatu oyamba ngati nsambo zakumbamo timaenje takuya. Dinani nsambo pa fureti yachitatu muone mpata pa yoyamba: ungolowa kapepala basi. Ukakula, nati, kafupa ka timipata komwe nsambo zimadutsapo kumutu, ndi yaitali, ndipo makodi a kumtunda azimveka osachunika ngakhale apu ikuti zili bwino. Izi mmisiri amakonza mosavuta. Potozani makiyi onse asanu ndi limodzi. Kiyi yozungulira popanda nsambo kusintha mawu yadyeka mano, koma makiyi amagulika, ndiye chimenecho chikhale chotsitsira mtengo, osati chothawira. Tiziboo ting'onoting'ono totuluka fumbi ngati ufa tikusonyeza kuti thabwa lafumbwa, ndipo zoterozo musalowe nazo m'nyumba.

Pali muyezo umodzi womwe ambiri saudziwa, koma pa magitala otsikitsitsa mtengo ndi wofunika zedi. Lizani nsambo yosadina, muone apu. Kenako dinani pa fureti ya 12 mulizenso. Chilembo chikhale chomwecho, ndipo singano isapatuke kwambiri. Ikapatuka pa nsambo zonse, tengani tepi ya telala muyeze kuchoka pa nati kufika pa fureti ya 12, kenako kuchoka pa 12 kufika pa sado. Mtunda wachiwiri uyenera kuposa woyamba ndi mamilimita awiri mpaka asanu okha, wocheperako ku nsambo yaing'ono, wokulirapo ku yaikulu. Pa F310, mwachitsanzo, nsambo ndi yotalika mamilimita 634, ndiye fureti ya 12 ili pa 317. Mukapeza kusiyana kwa sentimita, buliji inamatidwa pamalo olakwika ku fakitale, ndipo gitalayo sidzagwirizana ndi kiyibodi ya kutchalitchi mpaka kale.

Zogula pa Facebook kapena pa WhatsApp, lamulo ndi limodzi: ndalama isatumizidwe gitala musanaigwire. Ngati ili kutali, ku Monkey Bay kapena ku Namwera, pemphani chithunzi cha m'mbali pa fureti ya 12 ndi china cha kuseri kwa buliji, kuti mudziwe ngati n'koyenera kukwera galimoto. Pobwera nayo, tsitsani nsambo pang'ono, ikhale pamiyendo panu m'minibasi, osati ku buti pansi pa matumba a chimanga kapena pamwamba padzuwa. Pa kabaza iberekeni kumsana, khosi loloza kumwamba.

Ikafika kunyumba, ntchito yoyamba ndi nsambo. Pa gitala yotsika mtengo ikani za geji 10 (geji ndi kunenepa kwa nsambo), zoyambira .010 kufika .047, kapena za 11. Za 12 zimamveka monenepa koma zimakoka makilogalamu opitirira 70, pomwe za 10 zimakoka pafupifupi 60, ndipo kusiyana kumeneku buliji imakumva m'mwezi wa Okutobala. Gulani ndi nsambo zapadera za E yaing'ono ndi G, poti ndizo zimaduka kawirikawiri. Waya wa mabuleki a njinga ndi wa banjo ya chigubu, pa gitala amadya mafureti. Thukuta la kuno limachititsa dzimbiri msanga, ndiye mukamaliza kuimba pukutani nsambo iliyonse pamwamba ndi pansi ndi kansalu kouma. Isungeni m'chikwama, kutali ndi zenera ndi khoma lomwe dzuwa la masana limawomba, ndipo nthawi ya mvula ponyanimo timapaketi toyamwa chinyezi tomwe timabwera m'makatoni a nsapato. Kugombe mchenga umalowa m'makiyi, ndiye musaigoneke pansi.

Nsambo zatsopano zikakhazikika masiku angapo, yezaninso ndi makhadi aja. Yambani ndi khosi: chitsulo cha m'khosi chija amachipotoza ndi kiyi ya Allen, kawirikawiri ya mamilimita 4 kapena 5, yolowa bwinobwino osagwedera. Kupotoza motsatira wotchi kumawongola khosi. Potozani kota imodzi yokha, chunani, dikirani mpaka mawa lake, muyezenso. Chikalimba musakakamize, chikathyoka m'kati gitala yapita. Khosi likakhala pake m'pomwe mupite ku sado. Kuti nsambo zitsike milimita imodzi pa fureti ya 12, sado itsike mamilimita awiri. Jambulani mzere ndi pensulo, yalani sandipepala pa galasi kapena pa tailosi yosalala, mupale kumunsi kokha, sado ili chilili, kuti pansi pake pakhale pathyathyathya. Palani theka la zomwe mwayeza, bwezerani, chunani, yezani. Amene magitala awo atuluka ndi nati yaitali adikire kaye, poti timipata take timafuna tupa wopyapyala kwambiri, ndipo tidzaifotokoza payokha m'zolemba zikubwerazi pamodzi ndi kusalaza nsonga za mafureti.