Mmene ndinalondolera mbiri ya zisankho za dera la Karonga Central

Kulemba mbiri ya zisankho za dera limodzi la phungu wa Nyumba ya Malamulo kumafuna kuleza mtima, chifukwa nkhani zake sizipezeka pamalo amodzi, ndipo zimene anthu amakumbukira nthawi zambiri zimasakaniza chaka china ndi chinzake. Ine ndinasankha dera la Karonga Central, limene ambiri amalidziwa chifukwa cha mpikisano wa a Frank Mwenifumbo ndi malemu a Cornelius Mwalwanda, ndipo ndifotokoza njira imene ndinatsata kuti wina wofuna kuchita chimodzimodzi ndi dera la kwawo adziwe poyambira.

Choyamba ndinatenga pepala lalikulu n'kulemba m'munsimunsi masiku onse a zisankho za aphungu kuyambira pamene ndale za zipani zambiri zinabwerera: 17 May 1994, 15 June 1999, 20 May 2004, 19 May 2009, 20 May 2014, 21 May 2019 ndi 16 September 2025. Pakati pa chaka ndi chaka ndinasiya mpata waukulu, popeza ndinadziwa kuti mpando wa phungu umatha kusintha mwini nthawi isanakwane. Kutsogolo kwa chaka chilichonse ndinajambula mizere yolembamo dzina la wopambana, chipani chimene anaimira pa tsiku loponya voti, amene anamutsatira, mavoti a aliyense, ndi chiwerengero cha anthu amene analembetsa m'kaundula.

Ndinalingaliranso ngati kunali koyenera kubwerera m'mbuyo kupitirira 1994. Zisankho zinalipo ndithu m'nthawi ya chipani chimodzi, koma zinali za mtundu wina. Mu 1964, 1971 ndi 1976 anthu sanaponye voti chifukwa ofuna uphungu analowa popanda wopikisana nawo, ndipo kuyambira 1978, pamene kuvota kunayambiranso, opikisana onse anali a Malawi Congress Party ndipo maina awo ankayenera kuvomerezedwa ndi a Kamuzu Banda. Ndinaganiza zoika nyengo imeneyo pa tsamba lakelake, chifukwa kuika mavoti a 1983 pambali pa mavoti a 2014 kungapangitse wowerenga kuganiza kuti anthu ankasankha m'njira yofanana, pamene sizinali choncho.

Gawo limene linanditengera nthawi yambiri ndi la malire. Dzina la dera likhoza kukhala lomwelo kwa zaka makumi angapo, koma midzi imene ili m'deralo n'kukhala itasintha. Mu 1992 dziko lonse linali ndi madera 141, mu 1994 anafika 177, mu 1999 anakwana 193, ndipo chisankho cha 2025 chinachitika m'madera 229 bungwe loyendetsa zisankho la MEC litadulanso malire ndipo Nyumba ya Malamulo itavomereza. Nthawi iliyonse imene chiwerengero chakwera chonchi, pamakhala midzi ndi malo oponyera voti amene achotsedwa m'dera lina n'kuikidwa m'dera latsopano. Gawo 76 la malamulo oyendetsera dziko linkalamula bungweli kuti liziunikanso malire pasanadutse zaka zisanu, komabe madera 193 aja anagwira ntchito pa zisankho zisanu zotsatizana, kuyambira 1999 kufikira 2019. Kwa wolemba mbiri, zaka zimenezi ndi zamtengo wapatali, chifukwa ndi pokhapo pamene mungayerekeze mavoti a chaka china ndi a chaka china muli ndi chitsimikizo chakuti mukukamba za dera lofanana. M'nyengo imeneyo boma la Karonga linali ndi madera asanu: Karonga North, Karonga North West, Karonga Central, Karonga Nyungwe ndi Karonga South.

Njira imene ndinaipeza yodalirika poona malire ndiyo kutenga mndandanda wa malo oponyera voti, amene ambiri ndi masukulu a pulayimale, n'kuuyerekeza chaka ndi chaka. Mapu amathandiza, koma mndandanda wa masukulu umanena zoona mosabisa: sukulu ikapezeka m'dera lino chaka chino, chaka china n'kupezeka m'dera loyandikana nalo, mwadziwa kuti anthu a midzi yozungulira sukuluyo anasamutsidwa pa kaundula. Pa pepala langa ndinajambula mzere wofiira pakati pa 1994 ndi 1999, ndi wina pakati pa 2019 ndi 2025, wondikumbutsa kuti ndisawoloke mizere imeneyo ndi ziwerengero ngati kuti palibe chimene chinasintha.

Nditakhazikitsa zaka ndi malire, ndinayamba kufufuza zotsatira zenizeni. Gwero loyamba ndi zikalata za bungwe la MEC ndi Gazeti ya boma, m'mene maina a opambana amasindikizidwa mwalamulo. Za zaka zaposachedwa zimapezeka pa intaneti, koma za m'mbuyo zimafuna kupita kumalo osungira zakale a National Archives ku Zomba kapena ku malaibulale amene amasunga nyuzipepala zakale. Nyuzipepala ndinazigwiritsa ntchito mosamala. Zimene zinatuluka tsiku lotsatira chisankho kawirikawiri zimakhala ndi ziwerengero zosatsimikizika, choncho ndinkazilemba ndi pensulo kufikira nditaziona m'chikalata cha bungwe loyendetsa zisankho, ndipo pokhapo ndinkazilemba ndi bolopeni.

Chithunzi cha chiyambi chinali chosavuta kuchimva. Mu 1994 chipani cha AFORD cha a Chakufwa Chihana chinatenga mipando yonse 33 ya m'chigawo chakumpoto, mwa mipando 36 imene chinapeza m'dziko lonse, motero Karonga yense anali m'manja mwa chipani chimenecho. Koma kuyambira 2004 nkhani ya dera lino inasanduka ya anthu awiri. A Mwenifumbo anapambana mu 2004, a Mwalwanda anawalanda mpando mu 2009, a Mwenifumbo anaubweza mu 2014, ndipo a Mwalwanda anautenganso mu 2019. Kwa zisankho zinayi zotsatizana palibe amene anakhalapo matemu awiri motsatizana, ndipo mikangano ya otsatira mbali ziwirizi inakula mpaka anthu anayamba kulitcha deralo Benghazi, potengera mzinda wa ku Libya umene unatchuka ndi nkhondo. Dzina limeneli ndinalilemba m'mbali mwa pepala chifukwa ndi gawo la mbiri, ngakhale kuti sindilikonda, popeza limaphimba anthu ochuluka a ku Lupembe, ku Mlare ndi kwina amene ankangopita kukaponya voti mwamtendere n'kubwerera kuminda yawo.

Mzere wa chipani ndi umene unandiphunzitsa kusamala koposa. Anthu akamakumbukira phungu, amatchula chipani chimene anamuona nacho kwa nthawi yaitali, osati chimene chinali pa pepala loponyera voti. Mwachitsanzo, a Mwenifumbo anakhalapo wachiwiri kwa nduna ya zaulimi m'boma la a Bingu wa Mutharika, ndipo n'zosavuta kulemba DPP kutsogolo kwa chaka cha 2004. Koma chipani cha DPP chinakhazikitsidwa mu February 2005, a Bingu atatuluka mu UDF, kutanthauza kuti palibe phungu aliyense m'dziko muno amene anasankhidwa pa tikiti ya DPP mu 2004. Mu 2014 a Mwenifumbo anapambana ngati woima payekha, pambuyo pake anaonekera mu AFORD, mu 2019 anali womutsatira wa a Atupele Muluzi a UDF pa mpikisano wa mtsogoleri wa dziko, ndipo mu 2020 anaimira UTM. A Mwalwanda nawo anakhalapo wachiwiri kwa nduna ya zachuma m'boma la mayi Joyce Banda, koma mu 2019 anapambana pa tikiti ya MCP.

Pachifukwa chimenechi ndinagawa mzere wa chipani pawiri: mbali ina ya tikiti ya tsiku la chisankho, ina ya kumene phunguyo ankakhala m'Nyumba ya Malamulo zaka zotsatira. Mbali yachiwiriyi imafuna kuwerenga Hansard, buku losunga zokambirana za aphungu, pamodzi ndi nkhani za gawo 65 la malamulo, limene limanena za phungu wochoka m'chipani chimene chinamulowetsa n'kukalowa china. Nditamaliza kudzaza mbali ziwirizi ndinaona poyera kuti ku Karonga Central zipani zinkasintha pafupifupi pa chisankho chilichonse pamene maina a opikisana anali omwewo. Ine ndikuona kuti wolemba amene angangowerenga kuti chipani chakuti chinapambana kangati m'derali adzakhala ataphonya nkhani yeniyeni, chifukwa anthu ankatsata munthu kulikonse kumene walowera. Pamenepa mzere wa mavoti umathandizanso, popeza phungu amapambana ndi mavoti ochuluka chabe ngakhale asafike theka la onse, ndipo kusiyana kwa woyamba ndi wachiwiri ndiko kumaonetsa ngati dera linagwirizana kapena linagawanika.

Mipata imene ndinasiya pakati pa zaka inagwira ntchito pofika 2020. A Cornelius Mwalwanda anamwalira mu July chaka chimenecho, nthawi ya mliri wa Covid-19, ndipo chisankho chachibwereza chinachitika pa 10 November 2020. Anapambana ndi a Leonard Mwalwanda a MCP, amene anapikisana ndi a Mwenifumbo a UTM, ngakhale kuti zipani ziwirizi zinali limodzi m'boma la mgwirizano wa Tonse. Tsiku lomwelo kunalinso chisankho ku Lilongwe North West, mpando umene unasiyidwa ndi a Lazarus Chakwera, amene anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko mu June. Zisankho zotere sizipezeka m'zikalata za chisankho chachikulu, choncho muyenera kuzifunafuna padera, poyang'ana imfa za aphungu, kutula pansi udindo ndi zigamulo za makhoti zimene zinafafaniza zotsatira.

Pomaliza ndinakambirana ndi akuluakulu ena odziwa bwino deralo, nditanyamula pepala langa lodzaza kale. Ndinkawawerengera chaka ndi dzina, iwo n'kumandiuza zimene zikalata sizilemba, monga mmene zisankho zachipulula zinayendera ndi chifukwa chimene midzi ina inatembenukira kwa munthu wina. Zimene anandiuza ndinazilemba pa tsamba lina, ndi mawu oonetsa kuti ndi zokumbukira za anthu, ndipo pamene zinasemphana ndi Gazeti pa nkhani ya tsiku kapena chiwerengero, ndinatsata Gazeti.