London ndi Paris: ola limodzi m'mwamba, maola ambiri pansi

Mnzanga wina wa kuntchito anandipempha kuti ndimuthandize kusankha njira yopitira ku Paris kuchokera kuno ku London, ngakhale kuti mumtima mwake anali atatsimikiza kale kuti ndege ndiyo yofulumira, chifukwa anaona kuti ulendowo ndi wa ola limodzi ndi mphindi 20 zokha. Ndinamumvetsa, pakuti inenso ndinkaganiza chimodzimodzi ndisanayende njira zonse ziwiri.

Mizinda iwiriyi ndi yoyandikana ndithu. Kuyeza mowongoka, kuchokera pakati pa London kukafika pakati pa Paris pali makilomita pafupifupi 340, ndipo ndege ikanyamuka pabwalo la ndege la Heathrow imakhala m'mwamba nthawi yosakwana ola limodzi. Mphindi zotsalazo zimathera pabwalo, ndege ikuyenda pang'onopang'ono kudikira mpata wonyamuka kapena malo oimapo. Paulendo wanga woyamba, nditangomaliza kumwa tiyi, ndinasuzumira pazenera n'kuona kuti nyanja ya English Channel tawoloka kale, ndipo minda ya kumpoto kwa France ikuoneka m'munsi ngati zigamba za nsalu.

Chimene tikiti siinena ndi nthawi imene munthu amathera pansi. Bwalo la Heathrow lili kumadzulo kwa London, makilomita opitirira 20 kuchokera pakati pa mzinda, nalonso la Charles de Gaulle lili kutali chimodzimodzi, kumpoto chakum'mawa kwa Paris. Wapaulendo amalangizidwa kufika pabwalo kutatsala maola awiri kuti ndege inyamuke, akatsika amaima pamzere woonetsa pasipoti popeza Britain sili m'dera la Schengen (gulu la mayiko a ku Ulaya, kuphatikizapo France, amene anthu amadutsa malire awo osaonetsa pasipoti), kenako amadikira katundu wake, n'kukwera sitima yolowa mumzinda ya RER B kwa theka la ola kuti akafike ku Gare du Nord, siteshoni yaikulu ya sitima ya mu Paris. Tsiku limenelo ndinachoka pakhomo m'mamawa, koma ndinalowa mu Paris patapita maola oposa asanu, nditatopa ngati ndachokera kutali kwambiri.

Sitima ya Eurostar imanyamuka pa siteshoni ya St Pancras mu London n'kukaima pa Gare du Nord pomwepo patatha maola awiri ndi mphindi pafupifupi 20, ngakhale kuti njanjiyo ndi ya makilomita oposa 490, chifukwa m'malo ena imathamanga makilomita 300 pa ola. Imadutsa mu Channel Tunnel, ngalande ya makilomita 50 imene inatsegulidwa mu 1994, ndipo makilomita pafupifupi 38 a ngalandeyo ali pansi pa nyanja. Munthu amakhala mumdimawo mphindi ngati 20 basi. Mapasipoti amaonedwa ku London komweko musanakwere, kotero kuti mukatsika mumangotuluka n'kulowa mumsewu.

Palinso china chimene chimasokoneza ambiri powerenga tikiti. Nthawi ya ku Paris ili patsogolo ndi ola limodzi, choncho ndege yonyamuka 9 koloko m'mawa imalembedwa kuti ifika cha m'ma 11:20, pamene yobwerera imaoneka ngati yauluka mphindi 20 zokha.

Mnzangayo ndinamuuza kuti ndege ndi yoyenera kwa amene akukhala pafupi ndi bwalo, kapena amene akukasintha ndege ku Charles de Gaulle kupita kwina. Iye amakhala kufupi ndi King's Cross mu London, kumene St Pancras ndi ulendo wapansi wa mphindi zochepa, ndipo msonkhano wake unali pakati pa Paris, choncho anagula tikiti ya sitima.